Mwaye pa kasinja wanga

Dzulo ndikudutsa pa ofisina yopaka magalimoto ku Chingodzi, fungo la tinta linandiimitsa ngati wina wandiitana.

Ndinali mwana, titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira, nkhondo itatha. Ndinaumba kasinja ndi dongo la ku Nhartanda, mzinga wake wa bango, n'kumupaka tinta yobiriwira yotsala popaka chitseko chathu. Ankanyezimira ngati mbale yatsopano. Ndinathamanga naye kwa amalume, amene anali msilikali koma za nkhondo sankazitchula n'komwe.

Anamutembenuza m'manja, n'kuseka. "Mphwanga, ameneyu akupita ku ukwati?"

Anapala mwaye kunsi kwa mphika, n'kuupaka ndi nthenga ya nkhuku m'makona monse ndi kukamwa kwa mzinga. M'mawilo anathiramo fumbi. Misozi inalengeza m'maso mwanga, poti ndinkaona ngati akundiwonongera.

"Usalire. Mdima umakhala kunsi, pamwamba pamadyedwa ndi dzuwa." Anatikita pamwambapo ndi phulusa mpaka tinta inatuwa. Kenako anakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa kachitseko ka padenga.

"Apa m'pamene tinkagwira potuluka. Pamayera ndi manja."

"Munalimo angati, amalume?"

"Anayi."

Anakanda kanayi, pang'onopang'ono. Atatero anamuika padzuwa, iwo n'kugona chafufumimba m'fumbi, malaya oyera ali m'thupi.

"Gona apa, umuonere pansi."

Ndinagona pambali pawo. Kasinja uja anakula, wotopa, wochokera kutali. Dzanja lawo la mwaye linatera pamutu panga.

"Eya," anatero chapansipansi. "Ndi yemweyo."