Mwala watsopano wa ba Barnabas

Ba Barnabas Sakala amameta ndevu pansi pa mtengo wa mango ku Ipusukilo. Anachokera ku Katete, anagwira mumgodi zaka twenty-six, atapuma ndiye anayamba zometazi. Zamagetsi iwo ayi. Amameta ndi lumo lopinda lachikale, kasitomala aliyense lake, dzina lolembedwa pachigwiriro. Langa analemba "Filipo" ngakhale ndine Phillip, koma ndinangozisiya.

Ine ndiye kufunsa ndi matenda anga. Ena akamakamba za mpira, maso anga amakhala pa mwala wawo wonolera, wakuda bii, umene anautola okha kumtsinje kwawo. Ankaudonthezera mafuta a mashini osokera, kenako lumo shwee, shwee, osafulumira.

Tsiku lina mwalawo unagwa pasimenti n'kusweka patatu. Mwana wawo Keziah anawagulira wina mushopu ku Ndola, wa kufakitale, woyera, wosalala ngati sopo. Anaulandira mwaulemu ngakhale nkhope inkakana, n'kumaudonthezeranso mafuta ngati wakale uja.

Mavuto anayambira pamenepo. Lumo linayamba kukoka ndevu m'malo modula. Ine linandicheka kawiri, ba Frederick a makala anadzuka pampando tsaya limodzi lokha litametedwa. Koma mwalawo ba Barnabas sanaukayikire. Chinthu chogulidwa ndi mwana wawo chingalakwe bwanji?

"Ndi dzanjali, ba Filipo," anandiuza. "Latha. Mwezi ukatha ndikubwezerani malumo anu nonse."

Zinandipweteka, mwandi. Munthu ameneyu kumuchotsa pansi pa mango paja, atsala ndi chiyani?

"Tandipatsani mwalawo ndiuone."

Abale inu, unali kumata ngati poto wokazingira kapenta! Ndinakakamira kuti tione bokosi lake. Akazi awo anakalipeza, anali atasungamo mabatani. Zolemba zake sitinazimve, zinali za Chitchaina, koma chithunzi chinalipo: mwala uli m'beseni la madzi.

"Madzi?" anatero ba Barnabas. "Mwala kuunyika ngati chinangwa?"

Anautembenuza uku ndi uko, kuununkhiza, kuukanda ndi chikhadabo. Kaya unapangidwa ndi chiyani, woumba kapena wowotcha, tinatsutsana mpaka kukhosi kuuma. Kenako tinauviika m'madzi otentha a sopo, mafuta n'kumayandama. Masiku awiri tinachita zimenezo, n'kuukwecha pasimenti mpaka kuyera kunabwerera.

Tsiku lachitatu anaunyika m'madzi, n'kuika lumo. Ananola, shwee, shwee. Atamaliza anapinda mkono wa shati, nayendetsa lumolo pamkono pawo mopepuka. Ubweya unayoyoka wokha.

Sanaseke ngati mmene ndinkayembekezera. Anaika lumo patebulo n'kumayang'ana dzanja lawo lamanja, kuseri ndi kutsogolo, nthawi yaitali ndithu.

"Milungu itatu ndakhala ndikukunamizira iwe," analiuza motsitsa mawu. "Pepa."