Wojambula Jombo

Mkulu woyandikana ndi shopu yathu kuno ku Montana amajambula ndi penti anyamata okwera nkhunzi zolusa pa mpikisano wa rodiyo. Vuto n'lakuti dzanja lake limayenda ngati nanzikambe. Akamamaliza kujambula nkhunzi, wokwerayo amakhala atauluka kalekale, choncho pachithunzi pamangooneka jombo ziwiri m'mwamba. "Nkhope imanama, jombo sinama," amatero akupukutira burashi ku ndevu. Zithunzizo sizigona pa shelefu yathu.

Chaka chatha mnyamata wina wokwera nkhunzi, dzina lake Harlan, anamufikira chipewa chili m'manja. "Agogo, chonde, ine ndioneke nkhope. Bambo ake a Loretta amati ndine wamantha, sangandipatse mwana wawo."

Tsiku la mpikisano Harlan anakakamira pamsana pa nkhunzi ngati nkhupakupa. Mkuluyo, amene chibadwire sanajambulepo mphuno, anayamba kutuluka thukuta.

"Igwa, mwana iwe!" anakuwa. "Ukundionongera ntchito!"

Harlan sanagwe, mpaka anapambana. Koma chithunzi chinatuluka monga mwa masiku onse: nkhunzi pansi, jombo m'mwamba.

Bambo ake a Loretta anachiyang'anitsitsa. "Jombo izi ndi zanga! Ndazifunafuna mpaka m'khola. Wakupatsa ndani, iwe Harlan?"

Loretta anayamba kuwerenga malata kudenga.

Bamboyo anapumira m'mwamba. "Basi, mukwatire. Jombo zanga zapambana, zisachoke pabanja pano."

Mpaka lero mkuluyo amauza aliyense wolowa m'shopu kuti ukwati umenewo anaujambula ndi iye.