Tsiku Limene Tinatseka Nyumba ya ku Mgodi

Chigayo chophwanya miyala chinkalira tsiku lonse: di! di! di! Mpaka lero ndikakhala chete ndimachimva. Chinali pa mgodi wina kuseri kwa Halale, kumene ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinachoka kwathu ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, chifukwa cha msonkho wa nyumba. Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo anandilera ndi anganga, amene anabereka mayi anga. Nditawauza kuti ndipita ndi anyamata a kumigodi, anangoti, "Iwe sulankhula. Kumeneko ukatsegule pakamwa, angakupondereze."

Chaka choyamba sindinapeze mnzanga. Ndinkatumiza mashereni ndi nsalu kudzera mwa obwerera kumudzi, ndipo kalata ankandilembera mnyamata wophunzira ku mishoni. Yankho linabwera kawiri kokha.

Kenako ndinakwatira Maidei, mkazi wa mtundu wa Azezuru wa m'mudzi wapafupi amene ankagulitsa maungu pa mgodi. Tinamanga kanyumba kunja kwa mpanda, chitseko ndinakhoma cha matabwa a mabokosi. M'menemo munabadwira mwana wathu wamkazi, Rudo, ndipo mchombo wake anaukwirira pakhomo pomwepo.

Chifuwa chitayamba kundivuta, ndinati tipite kwathu. Ndinauza Maidei kuti kwathu mudzi ndi wa akazi, minda ndi ya akazi, ana ndi a amayi awo. Zonsezo zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti mkazi wochokera kutali alibe munda, ndipo mwamuna sapititsa mkazi kwawo, amapita ndiye kwa mkazi.

Mmawa wonyamuka, anzathu asanu ndi atatu obwerera kumudzi ankatidikira pamsewu. Tinayenera kuwoloka Zambezi mvula isanayambe, ndipo njira imeneyo munthu sayenda yekha. Katundu anali womanga kale, koma Maidei anagwada n'kuyamba kuzira pansi ndi dothi.

"Mukuzirira yani? Anthu akutisiya."

"Nyumba yanga sindisiya ngati khola," anatero osadzutsa mutu.

Pomwepo anafika mlongo wake wamkulu. Anaima pakhomo, nthungo ili m'manja.

"Alamu, malowolo munapereka, mwanayo ndi wanu. Mtengeni. Koma mlongo wangayu akakadwala kumeneko, adzamuona ndani?"

Rudo anali asanaleke kuyamwa. Popanda mayi ake sakanafika ngakhale ku Tete. Pamsewu wina anakuwa, "Achimwene, dzuwa likukwera! Titsogole?"

Maidei anamaliza kuzira, anasamba m'manja, anaika dzanja pansi pamene panali mchombo wa mwana, nakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana.

"Bambo a Rudo, kwanuko ndikakhala ndi munda wangawanga?"

"Mukakhala nawo," ndinatero.

Anabereka mwana kumsana, anatseka chitseko, anamanga ndi luzi. Mlongo wake anapatuka, tinadutsa. Bodza limenelo ndinayenda nalo masabata asanu ndi awiri.

Titafika ku Likhubula tinapeza anganga atamwalira kale, chaka chapitacho. Kalata yonena zimenezi inasochera m'njira. Nyumba yawo inali itagwa, ndipo minda yawo ankalima achemwali anga a Nambewe, mwana wa mayi anga aang'ono. Anatilandira, anatipatsa madzi, natigoneka m'kanyumba kosungira makasu.

Tsiku lachitatu amalume anandiitana pansi pa mtengo.

"Mphwanga, mwana ndi wa kwa amake. Nanga kwa amake n'kuti?"

"Kwawo amati mwana ndi wa bambo."

"Ndiye kuti kumeneko ndi wathu, kuno ndi wawo? Iwe wabweretsa mwana wopanda mwini. Pita ukapemphe malo kwa mzungu wa tiyi."

Ndinkadziwa za malo a mzungu: ukhalapo malinga ukumugwirira thangata, akakwiya akugwetsera nyumba. Maidei Chinyanja ankachimva pang'ono, koma anamva zokwanira. Anangosiya mtolo wake wosamasula, nayamba kutsata a Nambewe kumtsinje ndi kumtondo tsiku ndi tsiku. Ine ndinkakhala pamwala n'kumayang'ana phiri, lomwe ndinalilota zaka zonsezo, ndi kuzindikira kuti m'mudzi umenewu chinkandisunga ndi anganga okha.

Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, a Nambewe anandipeza pamwala paja. M'manja anali ndi chikho chodzaza mbewu ya nandolo.

"Amalume ndalankhula nawo, anyinyirika koma avomera. Mkazi wanuyo amasinja bwino, ndamutenga akhale mng'ono wanga. Munda wa kutsidya kwa khwawa ndi wake, ndipo udzakhala wa Rudo."

"Zikomo achemwali, ine ndi..."

"Inu ayi. Inu ndinu mkamwini wathu tsopano. Mukayambe kuswa mphanje mawa."

Anandiikira chikhocho m'manja, natsika kumtsinje.