ASingano Asakasaka Anzawo Osiya Mowa

Mumsewu wathu amadziwika ndi dzina loti aSingano, chifukwa amasoka, komanso pakamwa pawo pamabaya. Akhala zaka makumi awiri m'kachipinda komweko, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi. Kolala ya shati akaisoka iwo imaima ngati yam'sitolo. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri, pansi pa nsanza m'dengu la pafupi ndi mashini, pankakhala kabotolo.

Anthu amati mowa anauyamba amuna awo atamwalira. Iwo amakana. "Ndinkamwa iwo ali moyo," amatero. "Musawanamizire akufa."

Anaganiza zosiya tsiku limene anaononga diresi la mkwatibwi. Anali ndi matsire, mutu uli zii, ndipo anadula mikono yonse iwiri ya kumanzere. Mwini diresi sanakalipe. Anayang'ana nsalu ija, n'kuyang'ana dengu, n'kutuluka. ASingano amati bola akanawatukwana.

Anayamba ndi kuchipatala. Atakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, namwino anawauza kuti chiwindi chatopa, asiye mowa.

"Zosiyazo ndikuzidziwa, mwanangu. Ndasiya kale kasanu. Ndikufunsa mmene ena amachitira kuti asabwererenso."

Namwino anawalembera nambala pakapepala, akuti ya gulu la anthu osiya mowa amene amakumana n'kumalimbikitsana. Anaiimba masiku atatu, osayankhidwa. Tsiku lachinayi anayankha bambo wogulitsa matayala. Anati nambalayo wakhala nayo zaka ziwiri ndipo zidakwa zamukwana.

Atawafotokozera achemwali awo aakulu, nkhani inafika poipa.

"Iwe, munthu wa zidzukulu, ukakhale pakati pa anthu achilendo n'kumaulula kuti umamwa? Ana ako aziyenda bwanji mumsewu? Ungolimba mtima basi."

"Achemwali, mumsewumo akudziwa kale. Ndi inu nokha amene mukuchita ngati simukudziwa."

Wometa tsitsi uja anamva kuti gulu lotero limakumana Loweruka muholo ya sukulu ina, kutsidya kwa tauni. ASingano anatseka shopu tsiku la makasitomala ambiri, n'kukwera mabasi awiri. Anapeza loko pachitseko. Mlonda anati anthuwo anasamuka chaka chatha, koma kumene anapita sakudziwa. Anawalozera ofesi ya bungwe lina chapafupi. Kumeneko analemba fomu ya masamba anayi, ndipo atafika pomaliza m'pamene mlembi anaona chaka chawo chobadwa.

"Pepani mayi, pulogalamu yathu ndi ya achinyamata."

"Ndiye ife okalamba tizingomwa mpaka tife?"

Mlembi anangobwereza kuti pepani. Pobwerera, aSingano anatsika basi asanafike kwawo, pamalo a mowa pomwe miyendo inkadziwa yokha. Shopu inakhala yotseka masiku awiri.

Patapita milungu itatu, dalaivala wa lole, kasitomala wawo wakalekale, anabwera ndi mathalauza atatu oti awakulitse m'chiuno.

"Mwanenepa bwanji chonchi, bambo? Akukudyetsani ndani?"

"Ndinasiya mowa, mayi. Chaka ndi miyezi iwiri tsopano."

ASingano anachotsa phazi pamashini. "Nokha?"

"Ndekha ndikanatha ine? Tilipo angapo. Timakumana Lamlungu masana kuseri kwa laibulale, m'chipinda chosungiramo mipando yothyoka."

Kuchokera pashopu kukafika palaibulale ndi mphindi khumi wapansi. ASingano zinawapsetsa mtima.

"Ndatha nsapato tauni yonseyi, inu muli pakhomo pomwepa? Bwanji osaika chikwangwani?"

"Tikaika, theka la anthu athu sabweranso," anayankha dalaivala.

Lamlungu lake anapita. M'chipindamo munali fumbi, ketulo, makapu osafanana ndi amuna asanu ndi awiri. Atangolowa, mmodzi anaimirira mwaulemu.

"Mayi, ngati mukufuna amuna anu, muno mulibe."

"Amuna anga ali kumanda. Ndabwera ine mwini wake. Sunthani."

Milungu itatu yoyamba sanalankhule. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ankatha theka la nthawi yekha, kufotokoza nkhani yomweyo. ASingano ankangoyang'ana batani lolendewera pajekete lake, akudzifunsa chomwe abwerera. Koma tsiku lina makaniko wina anafotokoza kuti ankathira mowa m'kapu ya tiyi m'mawa, n'kumauzira ngati ukutentha kuti ana asadziwe. Palibe anaseka, palibe analalikira. ASingano anangomva pakamwa pawo patseguka.

"Inenso ndinkauzira," anatero.

Pano patha miyezi isanu. Anaterereka kamodzi, ndipo Lamlungu lotsatira anakanena okha. Gululo salitamanda ayi. Amati mipando imakola zovala, tiyi ndi madzi okhaokha, ndipo amunawo akayamba za mabwana awo satha. Zimene zimawavuta iwo, monga mpongozi wawo wamkazi amene safuna kuwasiyira mwana ngakhale ola limodzi, amunawo amangogwedeza mitu osazimvetsa.

Chimene chimawadya kwambiri n'chakuti mpaka lero wamkazi ndi iwo okha. Pomuyeza munthu pachifuwa umamuyandikira, ndipo aSingano amadziwa amayi atatu amene mpweya wawo umanunkha mowa nthawi ya m'mawa. Mmodzi anayesa kumuyamba mozungulira, akumuyeza siketi. Mayiyo anatenga nsalu yake n'kupita kwa telala wina. Kwa awiri enawo, aSingano sanapezebe poyambira.