Ndinathyola mbaula yanga chifukwa cha timu ya ku Jeremani

Tsiku limene ndinkakwera basi ku Katete kubwera kuno ku Lusaka, azakhali anga anandikokera kuseri kwa golosale n'kundichenjeza kuti mwamuna wa m'tauni ndisamuweruze tsiku limene wabwera kudzandiona. Tsikulo amakhala atasamba, nsapato atabwereka. Ndizimutsatira kumene amagwira ntchito, pa tsiku limene sakundiyembekezera.

N'chifukwa chake Loweruka lapitali ndinatenga mwala n'kuthyola ndekha chogwirira cha mbaula yanga.

Ndifotokoze. Mdzukulu wanga Eneless, amene ndamulera kuyambira ali ndi mano awiri, wapeza mwamuna. Dzina lake Yotamu, amawotcherera zitsulo ku Kanyama. Ankhoswe ake ananena kuti abwera Lamulungu kudzamva yankho, ndipo yankholo linali m'kamwa mwanga. Ine ndikakana, ukwati palibe. Eneless amadziwa zimenezi. Sabata yonse ankandiphikira tiyi wamkaka ndisanamutume, ine n'kumamwa ndikumuyang'ana.

Ndinafufuza monga tichitira. Mowa samwa, akutero anthu. Mwana wamseri alibe, akutero anthu omwewo. Koma amake Joyce, anansi anga kuno ku Chawama, anandinong'oneza pampopi kuti vuto lilipo limodzi: munthuyu amasapota timu ya ku Jeremani imene sipambana.

Ya ku Jeremani? Amuna a m'komboni muno ali ndi matimu awo a ku Mangalande, timawamva akukuwa. Uyu wa yekhayekha akubisa chiyani?

Ndinakwera minibasi ya ku Kanyama, mbaula ili m'saka. Ndinapeza malaiti atapita, makina ali zii. Yotamu anali pa chidebe chogadabuza, foni yong'aluka galasi ataitsamiritsa pa geti yosamaliza, atavala jezi yosuluka yodzaza timabowo ta moto. Atandiona anadzuka, anandilonjera atagwada, nandipatsa mpando wokhawo umene ulipo. Anati tidikire malaiti. Diso limodzi linali pa ine, lina pafoni, pomwe timu ija inkasewera.

Ndinamufunsa za timuyo monga mmene timafunsira za banja la mkamwini. Kwawo n'kuti? Anaiyambitsa ndani? Mtundu wawo umadwala chiyani?

Anayankha zonse, osapuma. Akuti inayambitsidwa ndi anyamata ogwira ntchito m'fakitale, zaka zoposa zana zapitazo, agogo anga asanabadwe. Pa nkhondo bwalo lawo linaphwanyidwa ndi mabomba, masapota n'kulimanganso ndi manja awo, amayi akusenza njerwa. Kenako inabwera nyengo ya zikho, mayiko onse akuiopa. Zitatero akuluakulu anayamba matama. Ankagula osewera a mayina, osewerawo n'kufika mawondo atatha kale. Akagonja kawiri, kochi achotsedwe. Wina abwere, nayenso achotsedwe. Mapeto ake timu inatsika kupita ku ligi yachiwiri, kumene ikusewera ndi timatauni tosamveka n'komwe.

Ndinamuuza kuti banja lotere ku Katete sitikwatirako. Makolo olemera, ana owononga.

Ndinafunsa chifukwa chake osangoisiya. Anagwira jezi ija. Akuti bambo ake anaigula pa salaula, pa zovala za kaunjika, chifukwa cha mphepo ya June, osadziwa kuti zolembedwa pachifuwazo zikuti chiyani. Dalaivala wina wa malole ndiye anawauza kuti ndi ya timu yaikulu. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankasaka zotsatira pa wailesi ya mabatire, mwana ali pamwendo.

"Batate banamwalila timu ikali pamwamba," anatero Yotamu. "Ine ninapeza chabe malilo. Manje ningathawe pa malilo, ambuya?"

Mawu okoma ndawamva ambiri, ena mwa iwo pamaliro enieni.

Inu owerenga, munayamba mwamvetsera amuna athu Loweruka? "Tawina." "Tagula wosewera." Ndani wagula? Munthu amene mpando wa kunyumba kwake ukukhalira njerwa? Ndipo ambiri a iwo ndimawaona. Chaka chino jezi yofiira, timu ikayamba kugwa, chaka chamawa yabuluu, n'kumalumbira kuti anabadwa nayo. Mwamuna wosintha jezi chotero, mkazi wake akadzadwala miyezi itatu, mukuganiza kuti adzakhala pa mpando wa kuchipatala?

Chinandidabwitsa china. Akuti kumeneko timu ndi ya masapota. Amasonkhana m'holo, wapampando akawatopetsa amakweza manja, iye n'kunyamula chikwama chake. Ndipo ngakhale ili pansi, bwalo limadzaza, anthu akuimba timu ikugonja. Ife komiti yathu ya pampopi ili ndi wapampando yemweyo chiikireni mipopiyo. Tikati tikweze manja, amati msonkhano watha, kwada.

Tili pa nkhani imeneyi, foni inachita phokoso. Adani anagoletsa, kutatsala mphindi imodzi kuti mpira uthe.

Apa ndiye panali chimene ndinadzera. Sindinayang'ane foni, ndinayang'ana manja ake. Malemu amuna anga timu yawo ikagonja, wailesi inkauluka, ana n'kukabisala kwa aneba. Pafupi ndi Yotamu panali hamala, panalinso ine.

Anapukuta galasi la foni ndi jezi, naiika m'thumba. Anandifunsa ngati ndingamwe madzi.

Malaiti atabwera anawotcherera mbaula ija, nalimbitsanso miyendo imene sindinamutume. Anakana kuti ndinyamule ndekha, anandiperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Pamenepo, poti panalibe womva, anawerama n'kunena motsitsa mawu.

"Ambuya, mukafuna kuniona muzibwela chabe. Iyi mbaula munaimenya na mwala."

Anadziwa kuyambira pamene ndinamasula saka. Maola awiri anandisunga pa mpando wake, akuyankha mafunso anga, osandichititsa manyazi pamaso pa anzake a pamalopo.

Lamulungu ankhoswe anabwera. Ndinawasiya atuluke thukuta pang'ono, kenako ndinavomera. Eneless analira mpaka kutaya tiyi. Mumve bwino: sindinati ndamukhulupirira munthuyo. Ndinati akwatire. Munthu wozindikira bodza la nkhalamba msanga chotero ndi wofunika kumuyang'anira pafupi, ndipo pafupi pake ndi m'banja.

Koma pali chimene chikundiopsa. Lachitatu ndikusankha nyemba, ndinangomva pakamwa panga pakufunsa Eneless ngati kochi uja amuchotsa. Mwanayo anaseka mpaka kugwira khoma. Dzulo ndinadzipeza ndikukwiyira wapampando wa anthu amene sindinawaonepo, amene chilankhulo chawo sindimva, amene sadziwa kuti ku Chawama kuli nkhalamba ya nyamakazi.

Ndiye amene mumadutsa cha kuno Loweruka masana, mudzandizondeko. Nyumba ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo. Kutsegula sinditsegula, mudzagogode pawindo n'kunena dzina lanu ndi la amayi anu. Mukadzamva ndikunena kuti "tagonja", musaseke. Mudzaitane abusa.