Manja Athu a Vaselini

Amayi Dailesi tinkakhala nawo mpanda umodzi ku Kawale. Ntchito yawo inali yosesa mu laibulale ya yunivesite, kunja kwa tawuni. Kusukulu sanapondeko phazi, koma mabuku ankawanena ngati abale awo.

Mu laibulalemo munali chipinda chokhoma, mosungira nyuzipepala zakale, mapu ndi mabuku a nthawi ya atsamunda. Munkalowa anthu ophunzira kwambiri okhaokha, kuphatikizapo iwowo ndi tsache lawo. Mu 1996 anayamba kuwakakamira a Anderson, mkulu wa laibulaleyo, kuti ife ana a Fomu 2 tikaone chipindacho. Anawavutitsa miyezi itatu mpaka bamboyo anatopa.

"Abwere khumi ndi asanu," anatero a Anderson. "Koma pepala limodzi likangodetsedwa, palibenso mwana wasukulu adzalowe muno, ndipo inu Amayi muzikasesa kukhitchini."

Tsiku la ulendo linagwa mu Juni, nthawi yomwe khungu limatuwa ndi chisanu. Makolo athu atamva zoti tikupita ku yunivesite, anati ana asakatichititse manyazi. Anatipaka Vaselini osati masewera. Ine mayi anga anandipaka mpaka m'zikhatho. Tinatsika minibasi tikunyezimira ngati mandasi ongovuula kumene.

A Anderson atangoona manja athu, nkhope inagwa. "Amayi, manja amenewa akhudze mapepala akale? Ayi. Angosuzumira pagalasi la chitseko, azipita."

Zinandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zimandinyansabe. Kudzikonza konse kuja, ndiye ukhondo wathu womwewo usanduke mlandu?

Amayi Dailesi sanatsutse. Anangomasula kachikwama kawo n'kutulutsa mtanda wa sopo wochapira ndi chitenje chatsopano. Ankadziwiratu kuti azimayi anzawo a ku Kawale atipaka mafuta mopyola muyeso.

"Bwana, tandipatsani teni minitsi basi."

Anatifoletsa pampopi wa kuseri, madzi ake ozizira koopsa. "Tikita iwe! Pakati pa zalapo! Kodi amako anakuthira botolo lonse?" Manja anachita kutuwa mbuu. A Anderson anayendera dzanja lililonse, kuseri ndi kutsogolo, kenako anatulutsa makiyi.

Anzanga anathamangira kumapu, akugwira ndi nsonga za zala. Ine Amayi Dailesi anandikokera pa chibuku cha nyuzipepala zosokedwa pamodzi. Anatsegula osafufuza n'komwe tsamba. Panali chithunzi cha amuna asanu atanyamula njerwa.

"Wachitatuyo ndi bambo anga," ananong'ona. "Zaka naini ndikuwapukuta fumbi. Kufunsa mabwana ndinkachita manyazi. Tandiwerengera pansipa, Eness."

Ndinawerenga pang'onopang'ono: amisiri omwe amanga sukulu yatsopano ya mishoni, 1957. Dzina lachitatu linali Yona Mkwezalamba.

"Sukulu?" anatero Amayi Dailesi. "Kani ankamanga sukulu?" Anaseka pang'ono, misozi ili lengelenge, n'kubwerera m'mbuyo msangamsanga kuti isadonthere papepala. "Bwerezanso dzinalo."

Ndinabwereza katatu. A Anderson anali kumbuyo kwathu, akupukuta magalasi awo.

Amayi Dailesi sanapite kukhitchini. Ana a ku Kawale anapitabe chaka ndi chaka, ndipo mng'ono wanga atapita mu 1998 anapeza sopo ali kale pampopi, wogula a Anderson.

Lero ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndimawathokoza mayi amenewa ndi mtima wonse. Ndawerengera anthu zinthu zambiri pamoyo wanga, koma palibe anandimvetserapo ngati iwo tsiku lija, manja ali kumbuyo kuti asadetse bambo awo.