Makatoni Opita ku California

Chaka chachisanu chokhala ku South Bend, kuno ku America, ndi chimene mtima wanga unakana kukhazikika. Sindinganene kuti panali chimene chinalakwika. Ndinkagwira ntchito panyumba yosamaliramo okalamba, kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza azigogo amene sankatha kudzitembenuza okha. Amuna anga ankalawirira ku Elkhart, kufakitale yopanga makalavani. Tinkachita lendi kanyumba kamatabwa ka zipinda ziwiri zogona, kokhala ndi chipinda china chapansi pa nthaka, ndiponso kabwalo kuseri komwe ndinkadzala maungu ndi mpiru kukayamba kufunda. Mwana wathu wamkazi anali atayamba sukulu. Moyo unkayenda ndithu, koma ine ndinkauona ngati wangoima. Chilichonse chinkanditopetsa: msewu womwewo, nkhope zomwezo kutchalitchi, ndi chipale chimene unkachichotsa pakhomo m'mawa n'kuchipezanso madzulo chitabwerera ngati sunachikhudze.

Amene anandiyatsa moto, ngakhale sanachite dala, anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Iwo ankakhala ku California. Tinkalankhulana pafoni Lamlungu lililonse masana, ndipo sindikumbukira tsiku limene tinacheza mpaka kumaliza nkhani. Pakati pa chiganizo ankati, "Tadikira chemwali, ajensi yondipezera ntchito ikundifuna." Ndinkadikira. Pobwerera ankati, "Andibukira shifiti ina. Kuno ntchito zimachita kukuthamangitsa, ukakana iyi ina yaima kale pakhomo." Tsiku lina ndinawafunsa malipiro awo pa ola. Atanditchulira ndinakhala pansi. Ntchito yake inali yomweyo imene ine ndinkagwira, koma iwo ankalandira pafupifupi kawiri.

Kuyambira pamenepo California anandilowa m'mutu. Ndinkasambitsa gogo wina, maganizo ali kudziko lopanda chipale. Pa nthawi yopuma ndinkatsegula kompyuta ya kuntchito n'kumaona mndandanda wa ntchito za kumeneko, wautali wosaoneka mathero ake, pamene wa ku South Bend unkathera patsamba limodzi. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kupeza amuna anga akukonza mpopi wodontha, akuimba nyimbo yakwaya chapansipansi. Kudekha kwawoko kunkandipsetsa mtima.

"Kodi nyumba kumeneko mitengo yake njotani?" anandifunsa nditawauza maganizo anga.

"Inu mumangoona mavuto basi. Anthu akulandira kawiri, inu mukufunsa za nyumba?"

"Ndangofunsa, mayi."

"Achimwene akukhala kuti? Mumtengo?"

Anangotenga ndowa n'kutuluka panja. Amuna anga ndi munthu woti mkangano ukakula amapita kukatsuka galimoto.

Za pogona sindinkada nazo nkhawa, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Tonse amene tinabwera kuno tinabwera mofikira. Umatsika ndege n'kufikira kwa wachibale kapena kwa wakumudzi kwanu, n'kukhala pamenepo mpaka utaima pawekha. Chipinda chathu chapansi chija chinagoneka ana asukulu angapo, ena sitinkawadziwa n'komwe, tinkangouzidwa pafoni kuti akubwera mwana wa auje. Tsono achimwenewa sanali munthu wakumudzi chabe. Kwathu mlongo wako wamkulu ndiye mwini mbumba: iwe mlongo wake ndi ana ako muli m'manja mwake, ukwati wako ndiye nkhoswe, ukadwala amayamba kumva ndi iyeyo. Munthu wotere supempha kuti ufikire kwawo. Umangomudziwitsa tsiku.

Ndiye ndinawadziwitsa. "Achimwene, ife tikusamukira kumeneko. Ine ndi mwana titsogola, alamu anu atipeza. Tidzafikira kwa inu."

Panakhala chete. Chete ameneyo ndinamumva bwinobwino, ndisaname, koma ndinati ndi foni.

"Palibe vuto," anatero. "Ndiwe mbumba yanga. Ungakafikirenso kuti?"

Ine ndili ndi phuma, ndipo ndinabadwa nalo. Sabata yomweyo ndinaika notisi kuntchito. Ndinaumiriza amuna anga mpaka tinauza landilodi, mwini nyumbayo, kuti pakutha pa miyezi iwiri tituluka, amuna angawo akakhala kaye kwa mnzawo wa kufakitale. Ndinatolera makatoni kusitolo n'kuyamba kulongedza, katoni iliyonse n'kuilemba pamwamba ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu: California. Nditafunsa adiresi yotumizirako katunduyo, achimwene anandipatsa nambala ya bokosi la kupositi. "Usatumize kaye," anatero, "ndikuuza." Izinso sindinaziganizire. Kumudzi tonse tinkalandira makalata pabokosi la sukulu, ndiye panalibe chondidabwitsa.

Mwezi wotsatira kunali ukwati wa msuweni wathu ku Indianapolis, ndipo achimwene anabwera. Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ulendo wa maola atatu, minda ya chimanga mbali zonse. Pa tauni ya Kokomo maloboti ake anandikwiyitsa kuposa masiku onse, lililonse likutiimitsa, ine n'kumati mumtima, imitsani, n'komaliza. Achimwene tinawatenga pabwalo la ndege. Anali ataonda, koma suti anavala inali yooneka kuti njodula, ndipo ndinaona sutiyo, osati kuondako. Tinaima pa Lafayette Road kuti ndigulire ophika ufa ndi nyama yambuzi imene inaperewera. Sindinachedwemo m'sitolomo. Potuluka ndinawapeza ali m'tulo tofa nato kumpando wakumbuyo, kukamwa kuli yasa, foni ikunjenjemera m'dzanja. Mwana wanga ankaseka. Ndinati ndi ndege yawatopetsa.

Phwando linali muholo ina ku Lawrence. Wotsogolera mwambo ataitana kuti, "Tsopano a ku California!" anthu anakuwa ngati walowa nduna. Achimwene anavina pang'ono, mwaulemu, n'kubwerera pampando. Ine chimwemwe chinandipitirira. Ndinapempha maikolofoni n'kutsanzika pamaso pa anthu onse a ku Indianapolis ndi a ku South Bend omwe, kuti mwezi wamawa musatifune, tikutsatira achimwene kumene kuli ntchito. Azimayi analuluta. Ena anandikumbatira n'kumandinong'oneza kuti ndikakhazikika ndiwaitane. Nditayang'ana kumene kunali achimwene, ndinaona akuyang'ana m'mbale.

Lamlungu tinabwerera nawo ku South Bend kuti akhale nafe masiku awiri. Anagona njira yonse. Atalowa m'nyumba anaima pabalaza, n'kuyang'ana makatoni aja atasanjikizana mpaka pawindo, dzina lija likuwayang'ana mbali zonse. Anadya pang'ono, n'kutsikira kuchipinda chapansi dzuwa lisanalowe. Anadzuka Lolemba masana.

Anandipeza kuseri ndikuthyola nkhwani. Maungu chaka chimenecho ndinali nditawataya, osawathirira, osawapalira, poti ndinali wapaulendo, koma anayanga okha mpaka kumpanda. Achimwene anakhala pa sitepe opanda nsapato, foni ataizimitsa, n'kumangoyang'ana kabwaloko.

"Zonsezi ndi zanu?" anafunsa.

"Zathu bwanji, za lendi. Kabwalo kake kameneka? Kwanu kuja ndiye kuyenera kuti kuli bwalo lenileni."

"Takhala pansi, chemwali."

Ndinakhala, nkhwani uli m'manja.

"Ine kulibe kwathu," anatero. "Nyumba ndilibe."

Ndinaseka, poganiza kuti akunena zoti sanagule yawoyawo. Koma anapitiriza, mawu ali pansi, osandiyang'ana. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankasamalira mkulu wina wolemera kunyumba kwake, ntchito yogonera konko, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini komwe mlendo saloledwa ngakhale kumwa madzi. Loweruka ndi Lamlungu ankagwira m'nyumba ziwiri za okalamba, ndipo pakati pa mashifiti ankagona m'galimoto, pamalo oimika magalimoto a kuntchitoko. Zovala ndi mabuku zinali m'kachipinda kosungirako katundu kolipira pamwezi, ndipo suti ija anakaitenga kumeneko popita kubwalo la ndege. Poyamba ankakhala amuna anayi m'fulati imodzi. Lendi itakwera kachitatu anaona kuti akulipirira bedi limene ankaligonera kawiri pa sabata, n'kulisiya. Zinali zitatha zaka zitatu.

"Ntchito ziliko, sindinakunamize," anatero. "Koma ukudziwa chifukwa chake zimandithamangitsa? Anthu oti azigwire sangakwanitse kukhala pafupi nazo. Amene tatsala timadabula mashifiti mpaka miyendo kutupa. Ndalama imalowa yambiri, eya, koma siigona m'thumba."

Mtima wanga unapsa. Ndinaponya nkhwani pansi.

"Ndiye bwanji osanena? Ndasiya ntchito ine! Nyumba ino tabweza! Dzana lomweli ndatsanzika pamaso pa anthu, inu muli pomwepo, osandikoka n'komwe chitenje?"

"Ndikanati chiyani? Mwini mbumba anene kuti alibe pogoneka mbumba yake? Amayi kumudzi akamve zimenezo?" Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ndimati ndipeza kanyumba usanafike. Chiyambire tsiku lija unandiuza, sindinakanepo shifiti ngakhale imodzi. Ndayenda, ndaona nyumba. Imene ndingaikwanitse ili maola awiri kuchokera kuntchito, ndipo mwana uyu sindingamugoneke mmenemo."

Apa m'pamene ndinaona kuonda kuja. Kunali kwa ine. Masabata onse amene ine ndinkalemba makatoni ndikuimba nyimbo, munthuyu ankadzipha ndi ntchito kuti mawu ake aja akuti palibe vuto asanduke oona. Mkwiyo unachoka pa iwo n'kubwera pa ine mwini, ndipo manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana. Chete uja wa pafoni ndinamumva. Bokosi la kupositi ndinalimva. Ndinasankha kusafunsa chifukwa yankho likanandiwonongera ulendo.

Achimwene anatola tsamba limodzi la nkhwani n'kuyamba kulisadzula, monga tinkachitira tili ana.

"Chipinda chapansi chija," anatero, "muli munthu amene mukumuyembekezera?"

Sindinamvetse msanga. Kenako ndinamvetsa. Mwini mbumba ankapempha pofikira kwa mbumba yake, ndipo nyumba yokhayo imene banja lathu lonse linali nayo m'dziko lino, ine ndinali nditaibweza ndi manja anga.

Ndinathamangira foni. Landilodi anati Lachitatu kubwera anthu odzaona nyumbayo, ndipo anali atawalonjeza kale. Ndinachonderera mwa njira imene sindinachondererepo mzungu aliyense. Anati aganize. Masiku awiri amenewo sindinakhale pansi. Ndinkamasula katoni n'kuimanganso, osadziwa ngati ndikutuluka kapena ndikukhala. Amuna anga nditawafotokozera anangoti, "Chabwino, tione Lachitatu." Sanandikumbutse funso lawo lija la mitengo ya nyumba, ndipo kusandikumbutsako kunandiwawa kuposa akanandinyoza.

Anthu aja anabwera, anaona, n'kunena kuti khitchini njaing'ono. Mulungu awadalitse kulikonse ali. Landilodi anatilola kukhala, atakweza lendi pang'ono. Kuntchito malo anga anali atapatsidwa kale wina, ndipo anandilandiranso pa mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu amene aliyense ankawathawa. Kutchalitchi ndiye ndinaziona. Kwa chaka chathunthu azimayi ankandilonjera kuti, "Mwafika liti kuchokera ku California? Kwacha bwanji kumeneko?" Ndinkaseka nawo, ndikanatani.

Ndisanamizire kuti mtima wanga unakhazikika kuyambira pamenepo. Chipale choyamba chitagwa ndinaimanso pawindo n'kumaganiza za madera ena, ndipo mpaka lero ndikamva kuti kwakuti kuli ntchito, makutu amaima. Kungoti tsopano ndimayamba ndafunsa kuti ogwira ntchitozo amagona kuti.

Achimwene anabwera masamba a mitengo atayamba kuyoyoka, atayendetsa galimoto lija masiku anayi, katundu wawo yense ali kumpando wakumbuyo, suti ili pamwamba. Ndinawaperekeza kukafunsira ntchito kunyumba ina ya okalamba, ya malipiro ochepa kuposa amene anawasiya. Tinakhala pabenchi, iwo akulemba fomu pabondo. Atafika pa mzere wa adiresi anaima.

"Nambala ya nyumba ija ndi chiyani?"

Ndinawauza. Anailemba pang'onopang'ono, kenako dzina la msewu, chilembo chimodzichimodzi. Atamaliza sanapitirire ku mzere wotsatira. Anangokhala akuyang'ana zimene alembazo, cholembera chili m'mwamba, mpaka mayi wa pa desiki anafunsa ngati pali chovuta.

"Palibe vuto," anandiuza ine m'Chichewa, osati mayiyo. Ulendo uno ndinamvetsera bwinobwino, ndipo panalibe chete wina aliyense patsogolo pake.